Pamene Munalekezera

Ndinaipeza m'chitini cha mabisiketi
pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato zanu za ku Mvano,
patatha miyezi isanu titakusiyani kumanda ku Bangwe:
shawelo yoyera, yofika theka,
masipoko awiri a njinga akadali chibayire m'mbali mwake
ngati mwangotuluka kukatseka mpopi.

Masipokowo ndinanola ndine, Esinala,
ndi tupa wa ku shedi ya njanji ku Limbe,
chaka chomwe Tinenenji anamera mano.
Ndinkaseka: ntchito yanji yoluka mabowo?
Chiperoni chikatsika m'Mpingwe
chidzalowera pomwepo, chidzam'peza mwana.
Inu osayankha, milomo ikungogwedera:
awiri pamodzi, kulunga, atatu, kulunga.
Ndikakufunsani za ndiwo muli pakati pa mzere
munkandiyang'ana ngati ndayetsemula pa mgonero.

Lero Tinenenji ndi woyembekezera, mwezi wake ndi Julaye.
Ndinapita kwa mai Kansilanga, kuseri kwa chigayo,
chitini m'khwapa, chipewa m'manja.
Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje,
kenako anasiya kuseka
nandikokera mpando.

Zala izi zamanga mabawuti a sitima zaka makumi atatu,
koma ulusi sizikuudziwa.
Zimaukoka ngati ukufuna kuthawa.
"Musaupotokole khosi, bambo, si nkhuku.
Bowo lililonse lili ndi linzake lolisunga.
Mukataya diso limodzi pano
mudzalifuna ndi misozi mizere khumi kutsogoloku."

Ulusi wanu unatha sabata yachitatu.
Ndinakwera minibasi mpaka kumsika wa Limbe,
ndinafukula mulu wa kaunjika
anyamata akukuwa, "Sankhani, madala, kwazizira!"
mpaka ndinapeza juzi yoyera
ya munthu wakutali amene sindidzamudziwa.
Ndinaimasula usiku, magetsi atazima,
ulusi uli nyongolonyongolo,
ukukumbukirabe mapewa a mwini wake.
Ndinauwongola pa nthunzi ya ketulo monga munkachitira,
koma kuyera kwake si kuyera kwanu.
Masana zimaonekeratu:
mbali yanu ufa woyera, mbali yanga mgaiwa.

Pabalaza makhushoni anu akadalipo,
aja ofiira ndi obiriwira amene munkaletsa ana kupondapo.
Dzulo ndinavula imodzi ndi kutembenuza chovala chake
kuti ndione mmene munkadutsitsira mitundu.
Kumaso kuli maluwa, see, osalala.
Kuseri kuli mfundo, zolumikiza, ulusi wodumphadumpha,
wofiira utabereka wobiriwira kumsana
kufikira nthawi yake yoonekera itakwana.
Zaka zonsezi ndakhala ndikutsamirapo,
kumwa tiyi, kumvera mpira pa wailesi,
osaidziwa mbali yomwe munkaiona inu.

Pa mizere yanu itatu yomaliza pali cholakwika.
Tsamba limodzi lapindika, bowo lasowa linzake.
Ndawerenga masiku chobwerera m'mbuyo.
Ndi sabata ija munkati mutu ukungolemera,
si kanthu, ndi dzuwa chabe,
ine n'kukhulupirira.
Mai Kansilanga akuti timasule, tikonze,
mwana asafunde zokhota.
Ndakana.
Ndayambira pomwepo, pa tsamba lopindikalo.

Usiku uno chiperoni chafika,
malata akudontha popanda mvula,
agalu a kwa Nkolokosa aja munkadana nawo ali chete.
Shawelo yakula, yandiphimba maondo ndikuluka,
ndipo ndikuuzeni, poti simunafune kudzitama:
mabowo aja amafunda.
Kaya amasunga chiyani m'kati mwake,
koma nyamakazi yanga yagona.

Kwatsala mizere makumi awiri ndi mphonje.
Kandulo yatsala chala chimodzi.
Kumusi uko sitima ya katundu ikulira polowa m'Limbe,
mabuleki ake ndikuwamva kuti akufuna mafuta.
Awiri pamodzi, kulunga, atatu, kulunga.
Ndikudziwa muli ndi mawu pa zimenezi, Esinala,
koma taimani kaye,
ndili pakati pa mzere.